Kalilole wakuba: webusaiti yomwe inavala nkhope yathu

Ndimayang'anira webusaiti ya bungwe lina la anthu a ntchito imodzi. Si yaikulu. Mbali ina aliyense amawerenga, mbali ina ndi ya mamembala okha, komwe munthu amalowa ndi imelo ndi pasiwedi kuti atenge zikalata, alembetse maphunziro kapena asinthe nambala ya foni. Seva ndi imodzi: kutsogolo kuli nginx, pulogalamu yolandira mapempho a alendo, kumbuyo kuli pulogalamu yathu ndi database. Timagwira awiri, ine ndi mnyamata wina amene anabwera atangomaliza sukulu. Ndikulemba nkhaniyi makamaka chifukwa cha zomwe ndinachita madzulo a tsiku loyamba, zomwe pa nthawiyo ndinkaziona ngati uchamuna pa ntchito.

Mmene tinadziwira

Makina athu sanalire ngakhale kamodzi. Anatitsina khutu ndi mayi wina, membala wakale, amene analembera ku ofesi kuti foni yake yaiwala pasiwedi. Masiku onse browser inkamudzazira yokha imelo ndi pasiwedi, koma tsiku limenelo mabokosi onse awiri anangoti mbee. Iye anatsegula kabuku kake, n'kuipeza pasiwediyo, n'kuilemba pamanja, ndipo analowa bwinobwino. Ankangofunsa ngati tasintha china chake. Uthengawo unagona masiku awiri ku ofesi usanandipeze, popeza unkaoneka ngati dandaulo wamba la munthu amene foni yamuvuta.

Nditamuimbira ndinati, "Mayi, tandiwerengereni adiresi ili pamwamba pa tsambalo, chilembo chimodzichimodzi." Anawerenga mosathamanga. Pomwe dzina lathu lili ndi m, iye anatchula zilembo ziwiri, r ndi n. Pa galasi la foni zilembo ziwirizi zikagundana zimaoneka ngati m ndithu. Adiresiyo sanalembe yekha. Anafufuza dzina la bungwe pa intaneti n'kudina linki yomwe inatuluka.

Foni ija sinaiwale kanthu. Browser imasunga pasiwedi moimangirira ku domain (dzina la webusaiti) yomwe inalembedwerapo, ndiye itaona dzina lachilendo inakana kuipereka. Pa tonsefe, browser ndi yomwe inayamba kuzindikira kuti nyumbayo ndi ya eni.

Zomwe tinapeza titatsegula

Tinatsegula adiresiyo m'kompyuta yapadera yopanda akaunti iliyonse ya ntchito. Zonse zinali zathu: chizindikiro cha bungwe, zithunzi, ngakhale mawu ena olakwika omwe ndakhala ndikunena kuti ndidzakonza. Loko wa HTTPS, kachizindikiro koonetsa kuti zomwe munthu akutumiza zakutidwa mwachinsinsi, analiponso.

Poyamba ndinkaganiza kuti wina wakopa masamba athu ndi mapulogalamu okopera ngati wget kapena HTTrack n'kuwaika pa seva yake. Koma kope lotero silikanawalowetsa mayi aja mu akaunti yawo yeniyeni. Pofuna kutsimikiza, ndinasintha liwu limodzi pansi pa tsamba lina lomwe anthu sapitapita, n'kutsegulanso tsamba lomwelo pa dzina labodza lija. Liwu latsopano linali litafika kale.

Apa zinadziwika kuti ndi reverse proxy. Seva ya eni dzina labodzalo ilibe tsamba lililonse lakelake. Munthu akapempha tsamba kwa iwo, iyo imathamangira kwa ife, n'kupempha tsambalo m'dzina la domain yathu ngati mlendo wina aliyense, n'kulibweza kwa munthuyo itasintha dzina lathu paliponse pomwe lalembedwa n'kuikapo lawo. Mu nginx ntchito imeneyi ndi mizere yochepa chabe: proxy_pass, Host header (header ndi timawu totsagana ndi pempho), ndi sub_filter yosinthira mawu. Zomwe munthu walemba m'fomu zimadzeranso njira yomweyo pobwera kwa ife. HTTPS imathera pa seva yawo, choncho pasiwedi imadutsa m'manja mwawo ili poyera, isanakutidwenso n'kutumizidwa kwathu.

Loko uja sanandidabwitse. Satifiketi yomwe imabweretsa lokoyo, ya mtundu wa DV, imangotsimikiza kuti wopemphayo ndi amene akulamulira domain, ndipo masiku ano imapezeka mwaulere m'mphindi zochepa. Chomwe inatithandiza ndi deti lake. Chiyambire 2018 Chrome salandira satifiketi yatsopano yomwe sinalembedwe mu Certificate Transparency, kaundula woonekera kwa aliyense. Pa crt.sh, tsamba lofufuzira kaundulayo, tinapeza kuti satifiketi yoyamba ya dzinalo inatuluka pafupifupi milungu itatu m'mbuyomo. WHOIS, kaundula wa madomain, sinatiuze mwini wake, zomwe zili chizolowezi chiyambire GDPR, lamulo la ku Ulaya loteteza zinsinsi za anthu, mu May 2018, koma inatiuza registrar, kampani yomwe inagulitsa dzinalo, komanso tsiku lomwe domain inalembetsedwa, ndipo linali loyandikana ndi la satifiketi. DNS, dongosolo lolumikiza dzina ndi adiresi ya IP (nambala ya makina pa intaneti), inkaloza ku kampani ina ya CDN, yomwe imaima pakati pa seva ndi alendo, kutanthauza kuti adiresi ya IP yomwe tinkaona sinali ya seva yawo yeniyeni.

Nyambo

CDN imabisa seva kwa anthu odzacheza, koma siingaibise kwa ife, chifukwa kalilole wotere sangaonetse kanthu asanabwere kudzatenga kwathu. Choncho ndinaponya nyambo. Pa dzina labodza lija ndinapempha tsamba lomwe kulibe, lokhala ndi dzina lomwe palibe munthu wina angalembe: liwu loti nyambo ndi zilembo zosokonekera zingapo. Kenako ndinapita pa seva yathu n'kufufuza liwulo ndi grep mu access log, fayilo yomwe imalemba pempho lililonse lofika pa seva. Unatuluka mzere umodzi wokha, wa 404 (tsamba silinapezeke), ndipo kumayambiriro kwake kunali adiresi ya IP ya kampani ina yobwereketsa maseva.

Titasefa log yonse ndi adiresi imeneyo, tinaona chinthu chomwe sindidzaiwala maonekedwe ake. Adiresi imodzi, koma User-Agent, header yomwe browser imadzitchulira nayo, wa mitundu yonse: iPhone, Android, Windows, ngakhale maroboti a injini zofufuzira. Proxy inkangopatsira header ya mlendo aliyense momwe yabwerera. Mnzanga ndi amene anaona chachiwiri. "Akulu, taonani kukula kwa tsamba loyambali. Kwa anthu ena onse n'lochepa, koma kwa awa likutuluka lonenepa kangapo." Chifukwa chake n'chakuti sub_filter siitha kusintha mawu m'tsamba lofinyidwa ndi gzip, ndiye oika proxy amachotsa Accept-Encoding, header yonena kuti browser ikhoza kulandira tsamba lofinyidwa, kuti seva iwatumizire tsamba losafinya. Browser yeniyeni ya masiku ano simabwera popanda header imeneyo. Chizindikirocho chinakhala mu log yathu milungu yonseyo, kungoti palibe ankachiyang'ana.

Titayerekeza HTML ya masamba awiriwo ndi diff, kusiyana kunali kochepa. Dzina lathu linasinthidwa paliponse, mpaka mu rel=canonical, kachizindikiro konena adiresi yeniyeni ya tsamba, kotero injini zofufuzira zinkauzidwa kuti kaliloleyo ndiye mwini nkhani. Pansi pa tsamba lililonse anaonjezerapo script ya malonda ndi maulalo obisika opita ku masamba a juga. Zikuoneka kuti ankafuna kudyera pa mbiri yathu kwa injini zofufuzira. Koma fomu yolowera inkagwira ntchito, ndipo zimenezo n'zokwanira.

Kulakwa kwanga

Nditangoona adiresi ija mtima unandiwawa, ndipo ndinaitseka polemba deny mu nginx n'kuiyambitsanso. Kalilole uja anayamba kuonetsa 403, uthenga wokana kutsegula tsamba. Tinaseka, tinajambula sikirini, ndinalembera abwana kuti vuto latha, n'kuweruka.

M'mawa mwake tsamba labodza linali litadzuka, likudya kwathu kudzera pa adiresi ina ya kampani yomweyo. Kwa iwo kusintha IP ndi ntchito ya mphindi zingapo. Chomwe ndinapindula ndi kuwadziwitsa kuti tawaona.

Komabe kubwerera kwawoko sikunali chinthu choipitsitsa. Usiku wonse uja funso lenileni linagona osafunsidwa: ndani analemba pasiwedi yake kumeneko? Mayi aja anali atandiuza poyera kuti analowa, koma ine maso anali pa seva ya mbala, osati pa anthu athu. Titakhala pansi kuti tiwerenge, mnzanga anatsegula fayilo ya logrotate, pulogalamu yofufuta ma log akale, n'kukhala duu. Tinkasunga log ya masiku 14 okha. Satifiketi yawo inali ya milungu itatu. Mlungu woyamba unali utapita kale, ndipo usiku womwe ine ndinagona mokondwa, logrotate inafufutanso tsiku lina. Nthawi yomweyo tinakopera ma log onse otsala kumalo ena. Ntchito imeneyi imatenga mphindi imodzi, ndipo inayenera kuchitika ndisanakhudze china chilichonse.

Kuwerenga ovulala

Mu log yotsalayo tinatola mapempho onse a POST, omwe amanyamula zomwe munthu walemba m'fomu, opita ku tsamba lolowera ochokera ku maadiresi awiri aja, n'kuyerekeza nthawi yake ndi zomwe pulogalamu inalemba. Tinapeza kagulu ka mamembala, ndipo pakati pawo panali akaunti imodzi ya ku ofesi, yokhala ndi mphamvu yoona zambiri za mamembala onse. Mwini wake anadabwa nditamufunsa. "Koma bambo, ine ndili ndi kachidindo ka manambala kaja pa foni. Si mwati kamateteza?"

Kamateteza ngati pasiwedi yabedwa n'kukayesedwa nthawi ina. Pa proxy yamoyo sikathandiza. Manambala amenewa, otchedwa TOTP, amasintha pa masekondi 30 aliwonse, koma proxy imawapatsira kwa ife nthawi yomweyo, ife n'kuwavomereza, n'kubweza session cookie, chizindikiro chosonyeza kuti munthu walowa kale, yomwe imadutsanso m'manja mwawo. Wogwira cookie imeneyo safunikanso pasiwedi kapena manambala. Si luso lachilendo: zida ngati Evilginx ya Kuba Gretzky ndi Modlishka ya Piotr Duszyński, yomwe inatuluka kumayambiriro kwa 2019, zinapangidwa poonetsa chinthu chomwechi.

Choncho tinapha ma session onse pa webusaiti, a aliyense, nthawi imodzi. Pamenepa panalibe mkangano. Mkangano unabuka pa pasiwedi. Abwana ankafuna tilembere okhawo omwe tawapeza mu log, mwakachetechete, kuopa kuti mamembala ataya chikhulupiriro. Ndinkawamvetsa. Koma ndinawaonetsa bowo lija: masiku asanu ndi atatu oyamba analibe log, ndipo database yathu inkasunga IP ya kulowa komaliza kokha. Munthu amene analowera pa kalilole mlungu woyamba, kenako n'kudzalowanso pa dzina lenileni, sakanaoneka paliponse. Ndinati, "Abwana, mndandanda tili nawowu ndi wa omwe tikuwadziwa. Enawo tingawateteze pokhapokha tisinthitse onse." Anavomera madzulo.

Uthenga wopita kwa mamembala tinaulemba mosamala, ndipo sitinaikemo linki. Imelo yonena kuti dinani apa musinthe pasiwedi ndi yomwe mbala nazonso zimatumiza, ndiye sitinafune kuwazoloweza. Tinalemba dzina la domain, tinafotokoza za r ndi n, tinawapempha alembe okha adiresi mu browser. Tinawauzanso kuti amene amagwiritsa ntchito pasiwedi yomweyo pa imelo kapena kwina asinthenso kumeneko, popeza ife sitingafikeko. Tisanatumize tinayesa chinthu chimodzi: linki yosinthira pasiwedi yomwe pulogalamu imatumiza, imatenga dzina la domain kuchokera kuti? Mapulogalamu ena amalitenga ku Host header ya pempho, zomwe zingalole wina kulowetsamo dzina lake. Yathu inkalitenga m'fayilo ya zoikika. Apa tinapulumuka chifukwa cha amene analemba pulogalamuyo kalekale.

Kusiya kuthamangitsana

Ulendo wachiwiri sitinatseke. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinaganiza zosiya masamba owerenga azituluka, kuti eni kalilole aziona ngati zonse zili bwino, koma tsamba lolowera, likapemphedwa ndi adiresi yawo, lizibweza chenjezo m'malo mwa fomu, ndipo POST iliyonse izikanidwa. Ndinkadziwa kuti izi siziletsa proxy kuona zomwe munthu walemba, n'chifukwa chake cholinga chinali choti fomuyo isaoneke n'komwe.

Chenjezo loyamba linatiseketsa mowawa. Tinalemba kuti ili si tsamba lenileni, pitani ku adiresi yakutiyakuti. Titakaliona pa kalilole, sub_filter inali itasintha dzina lathu, ndipo chenjezo lathu lomwe linkauza anthu kuti apite ku dzina labodza. Tinachita kulemba adiresiyo m'chithunzi.

Zomwezo zinachitikanso ndi JavaScript. Tinaika kachidutswa koyerekeza location.hostname, dzina la domain lomwe browser ikuliona, ndi dzina lathu, koma dzina lomwe tinalemba mu script nalonso linasinthidwa, ndiye kuyerekezako kunkapambana nthawi zonse. Tinakonza posalemba dzinalo poyera: script imawerengera hash (nambala yoimira mawu) ya dzina lomwe ikuliona n'kuiyerekeza ndi nambala yomwe tinasunga. Ndisabise, munthu wakhama akhoza kuchotsa script yonseyo ndi mzere umodzi. N'chimodzimodzi ndi ma header ngati Content-Security-Policy ndi X-Frame-Options, omwe anzathu ena anatilangiza: proxy ikhoza kuwavula tsamba lisanafike kwa munthu. HSTS, lamulo louza browser kuti izigwiritsa ntchito HTTPS yokha, nayo imagwira pa domain yathu yokha. Chilichonse chomwe timatumiza chimadutsa kwa iwo kaye.

Chomwe chinatipindulira kwambiri ndi kusandutsa script ija kukhala kazitape. Tsamba lililonse linkatuluka ndi kachizindikiro komwe seva inkasunga pamodzi ndi IP yomwe yapempha. Script ikaona kuti ili pa dzina lachilendo, inkatumiza kachizindikiroko molunjika ku adiresi ina yathu yosadzera pa proxy. Tikalumikiza ziwirizi tinkadziwa IP yatsopano ya kalilole popanda kuponya nyambo pamanja, ndipo inkalowa yokha pa mndandanda wa maadiresi olandira chenjezo lija. Tinayambanso kulemba Accept-Encoding mu log. Maganizo otseka maadiresi onse a kampani yobwereketsa maseva ija tinawakana, chifukwa mamembala ena amalowa kudzera pa VPN yomwe ikhoza kukhala pa maseva a kampani yomweyo, ndipo sitinkafuna kuwatsekera kunja pamodzi ndi mbala.

Madandaulo

Kalata yanga yoyamba kwa registrar inali yaitali, yodzaza ndi mkwiyo, yonena za kuba zolemba zathu. Yankho linali lakuti nkhani za umwini wa zolemba si zawo, tikaonane ndi osunga seva. Sindinganene kuti analakwa. Ine ndi amene ndinagogoda pakhomo loyenera ndi mlandu wolakwika.

Kalata yachiwiri inali ya ndime imodzi, ndipo mutu wake unali phishing, kuba mapasiwedi kudzera pa tsamba labodza. Ndinaikamo adiresi ya tsamba lolowera labodza, chithunzi cha fomu yofunsa pasiwedi chomwe tinajambula tisanaibise, dzina lathu lenileni, ndi mzere wa log wa nyambo pamodzi ndi nthawi yake mu UTC. Kusiyana kwake n'kwakukulu: kuyambira April 2024 mapangano a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, amakakamiza ma registrar a madomain ngati .com ndi .org kuchitapo kanthu akalandira umboni wogwirika wa phishing. Kalata yofananayo inapita kwa kampani ya CDN ndi kwa osunga seva, omwe adiresi yawo ya madandaulo tinaipeza pa RDAP, kaundula woonetsa mwini wa adiresi ya IP, kuchokera pa IP ija. Tinakanenanso ku Google Safe Browsing ndi ku Microsoft SmartScreen, omwe amachenjeza ma browser za masamba oopsa.

Apa chenjezo lathu lija linatsala pang'ono kutilaka. Woyang'ana dandaulo akatsegula tsamba labodza sankapezanso fomu, ankapeza chenjezo lathu. Tinachita kufotokoza m'kalata kuti chenjezolo taika ndi ife, ndipo kuoneka kwake pa domain yawo ndi umboni woti akutenga masamba pa seva yathu nthawi yomweyo. Amene mudzachite zofanana, jambulani zonse musanasinthe kanthu.

Loya wa bungwe anatchula njira ziwiri. Ina ndi DMCA, lamulo la ku United States la 1998 la umwini wa zolemba, lomwe tinaligwiritsa ntchito popempha kuti masamba okopawo achotsedwe pa zotsatira za kufufuza. Ina ndi UDRP, ndondomeko ya ICANN ya 1999 yolanda domain kwa woilembetsa mwachinyengo kudzera ku mabungwe ngati WIPO. Imeneyi tinaisiya. Imafuna umboni wa chizindikiro cha malonda, imatenga milungu yambiri, ndipo pamapeto pake tikanapeza dzina limodzi pamene mayina ofanana ndi lathu angapangidwe ambirimbiri.

Mmene zinathera

Osunga seva ndi omwe anayamba kuyankha, ndipo anadula seva ya kaliloleyo. Kalilole anasamukira ku kampani ina, koma kazitape wathu anamugwira pa mlendo woyamba. Kenako ma browser anayamba kuonetsa tsamba lofiira la chenjezo pa dzinalo, ndipo alendo obwera kudzera kwa iwo anachepa mpaka kutsala maroboti okha. Patapita masiku angapo WHOIS inaonetsa clientHold, kutanthauza kuti registrar wachotsa domain mu DNS. Kuchokera pa foni ya mayi aja kufika pamenepa panadutsa pafupifupi milungu iwiri.

M'ma log omwe tinali nawo sitinapeze session yogwiritsidwa ntchito kuchokera kumalo achilendo, ndipo akaunti ya ku ofesi ija sinatsegule china chomwe mwini wake sanachivomere. Mu lipoti la kwa abwana ndinalemba momwemo, n'kuonjeza kuti mawuwa sakukhudza masiku asanu ndi atatu aja.

Log tsopano timasunga miyezi itatu, pa makina ena. Pulogalamu imalemba kulowa kulikonse, osati komaliza kokha. Onse a ku ofesi tinawasamutsira ku WebAuthn, njira yolowera ndi kiyi yosungidwa m'foni kapena m'kachipangizo, yomwe bungwe la W3C linaikhazikitsa mu 2019. Ubwino wake ndi womwe uja wa browser ya mayi aja: kiyi imamangiriridwa ku domain, ndiye pa dzina lina siyankha ngakhale mwini wake atakhulupirira ndi mtima wonse kuti ali pamalo oyenera. A ku ofesi tinawapemphanso kuti dandaulo lililonse loti foni yaiwala pasiwedi lizifika kwa ife tsiku lomwelo. Mnzanga anatulutsa mndandanda wa mayina ofanana ndi lathu pogwiritsa ntchito dnstwist, ndipo timalandira uthenga satifiketi ikatuluka pa lina mwa iwo.

Uthenga wotero unabwera kamodzi, patatha miyezi iwiri. Dzina lake linali lathu lomwe, koma ndi kamzere pakati. Titalitsegula tinapeza tsamba lopanda kanthu, ndipo mpaka lero lili choncho. Lolemba lililonse m'mawa ndimaliponyera nyambo, kenako ndimatsegula log. Sinatulukebe.